Toyota Crown Hybrid ya 2014: ingapirire misewu ya kuno ku Mzuzu?

Wa ku Chibavi: Akuluakulu, thandizeni. Crown Athlete Hybrid AWS210 ya 2014, yochokera ku Japan kudzera pa Songwe, yayenda makilomita 120,000. Imavuta pati? Kodi batire yake siyofa msanga?

Makaniko wa ku Luwinga: Achimwene, injini yake, 2AR-FSE ya malita 2.5, ndi yolimba. Mupatseni oyilo wa 0W-20 basi. Batire yaikulu, yopatsa mphamvu motor ya magetsi yothandizana ndi injini, ndi ya mtundu wa NiMH, mavolti 230.4, ndipo chimene chimaipha si makilomita koma kutentha. Ili ndi fani yokoka mpweya kuchokera m'kati mwa galimoto. Fumbi la chilimwe likamata pa faniyo, batire imaphikika pang'onopang'ono mpaka kodi ya P0A80, nambala imene kompyuta ya galimoto imaonetsa batire ikatopa, itulukire. Tsukani faniyo chaka chilichonse, ndipo pakhomo pa mpweya pafupi ndi mpando wakumbuyo musamaunjikepo katundu.

Musanapereke ndalama, lumikizani Techstream, pulogalamu ya pa kompyuta yoyezera magalimoto a Toyota, galimoto iyende pa chitunda, muziona mavolti a block iliyonse, kutanthauza chigawo chilichonse cha batireyo. Ikakhalapo imodzi yogwa kwambiri kusiyana ndi zinzake pamene mwaponda moto, batireyo yatopa. Kusintha module imodzi, kabatire kamodzi mwa timene timapanga batire yaikulu, kumangogula miyezi, chifukwa yatsopano ndi zakale sizikoka mofanana. Mawaya a olenji musakhudze, mumadutsa magetsi amphamvu. Amakaniko amachotsa kaye service plug, pulagi yodula magetsi a batireyo, atavala magolovesi a magetsi, n'kudikira mphindi 10.

Wa zamagetsi a galimoto: Ndiwonjezere. Nthawi zambiri galimoto ikakana kulemba READY, chizindikiro choti yayaka, anthu amathamangira kunena batire yaikulu, chonsecho ndi kabatire ka mavolti 12 kamene kali m'buti. Kamafooka galimoto ikakhalitsa pa doko. Yezani kameneko kaye.

China chimene chikuwononga magalimoto amenewa ndi odzaza gasi wa AC. Compressor yake ndi ya magetsi, imafuna oyilo wa ND-11. Akathira oyilo wa PAG wa magalimoto wamba, magetsi amayamba kudontha, kodi ya P0AA6 n'kutuluka, ndiye kutsuka mapaipi onse. Inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse motor, nayo ili ndi madzi oziziritsa akeake, apinki, ndi pampu yakeyake. Galimoto ili pa READY suzumirani m'kathanki kake: madzi akakhala zii osagwedezeka, pampu yafa, musayende.

Woyenda msewu wa Karonga: Ine ndikutsutsako pang'ono. Za batire mwanenazo ndi zoona, koma chimene chidzakudyereni ndalama choyamba ndi kunsi. Crown ndi yotsika. Maenje a M1 ndi misewu ya fumbi ya ku Mchengautuwa nthawi ya mvula idzamaliza mabush, mashock ndi matayala, ndipo zipangizo zake simungazitole pa shelefu ngati za Corolla, n'zoitanitsa.

Potsika Chiweta batire imadzaza, motor n'kusiya kuthandiza kugwira galimoto. Ikani giya pa S, mutsitse giyayo, injini igwireko, apo ayi mabuleki apsa. Mukamva kapampu ka mabuleki kakulira pafupipafupi galimoto itangoima, actuator, chipangizo chopereka mphamvu ku mabuleki, ikutaya mphamvu, kodi yake C1391, ndipo n'njodula.

Makaniko wa ku Luwinga: Ndinaiwala za mafuta. Petulo akasowa musaikakamize kuyendera batire yokha, chifukwa batire yaikuluyo ndiyo imaliza injini kuti iyake. Ikatheratu, jump start siithandiza. Wa m'zigubu mupewenso, madzi ndi zinyalala zimapha pampu ndi mainjector. Ikafa panjira ikwere pa lole, osaikoka matayala akumbuyo ali pansi.

Wa ku Chibavi: Yewo chomene, akuluakulu. Loweruka tikaiyeza ndi kompyuta pa chitunda cha msewu wa Nkhata Bay ndisanalipire.