Kodi chipangizo chosokoneza zithunzi za fulashi chingagwire ntchito kuno?

Moni akuluakulu anzanga ojambula. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mulanje, kuyambira pa Chitakale mpaka ku Luchenza. Mundithandize nzeru pa nkhani ya Image Fulgurator, chipangizo chimene anakonza Julius von Bismarck wa ku Germany.

Ndi kamera ya filimu yogwira ntchito mobwerera. Ikaona fulashi ya munthu wina, nayo imawalitsa yake kudzera pa filimu, chizindikiro n'kugwera pa chinthu chimene chikujambulidwacho mwa kanthawi kochepa zedi, diso osaona, koma n'kuoneka m'chithunzi cha munthu uja. Mu 2008 mwini wakeyo anagwiritsa ntchito chipangizochi kuwalitsa chizindikiro cha mtanda pa gome lomwe Barack Obama amalankhulirapo ku Berlin.

Apo sindikutsutsa. Koma kuno ndikukaika kwambiri. Kamera yanga imayamba yaphethira kafulashi koyezera kuwala isanajambule, ndiye chipangizocho sichingawale msanga n'kuphonya? Nanga pa perekaniperekani, pamene azakhali, ankhoswe ndi akwaya onse akweza mafoni m'mwamba, chingatsate uti? Kuwala kwa foni n'kwa LED, sikung'anima mwamphamvu ngati fulashi ya kamera. Komanso zithunzi zambiri timajambulira panja dzuwa likuswa mtengo, m'minda ya tiyi kapena ku Likhubula.

Nkhaniyi ikundisowetsa mtendere chifukwa ukwati sabwereza, ndipo diresi la mkwatibwi ndi loyera, malo abwino ogwerapo chilichonse. Alipo amene anayesapo fulashi yodziyatsa yokha ikaona inzake? Kodi foni imatha kuiyatsa? Ndipo masana, pa mtunda wa mamita angati kuwala kotere kungaonekebe m'chithunzi?