Madokotala atsopano akuopa morphine: tiwaphunzitse chiyani m'masabata anayi?

Dr. Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Andipatsa ntchito yokonza maphunziro a madokotala atsopano amene azidutsa ku gawo lathu la palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena a odwala matenda aakulu oopseza moyo, aliyense masabata anayi. Ine si katswiri wa gawoli, kungoti ndakhalitsa pa wodiyi kuposa anzanga.

Vuto lake ndi ili. Anawa amabwera akudziwa pamtima makwerero atatu a mankhwala a ululu a bungwe la zaumoyo la WHO, kuyambira ofooka kukwera mpaka amphamvu ngati morphine, koma akagwira cholembera zimasintha. Munthu wa khansa yofalikira m'mafupa akubuula, iwo amalemba tramadol. Akalimba mtima amalemba morphine 2.5 mg, n'kuwonjezera kuti apatsidwe akapempha. Usiku namwino akangoimba foni kuti wodwala wagona kwambiri, amaimitsa morphine yense. M'mawa pa raundi timapeza munthu wapindika, thukuta lili kamukamu, abale akutiyang'ana osayankhula. Ndalemba mitu yambiri ya m'kalasi koma mtima ukundiuza kuti siisintha kanthu. Ndichotse iti? Ndipo kodi n'koyenera kuti ndiphunzitse ena ine ndisanachite maphunziro a ukatswiri?

Dr. Phiri: A Nabanda, choyamba musasenzetse masabata anayi katundu amene sangamuthe. Ku Britain palliative medicine idavomerezedwa kukhala gawo la ukatswiri mu 1987, patatha zaka 20 Cicely Saunders atatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ndipo kumeneko dokotala amaphunzira zaka zinayi atadutsa kale maphunziro oyambirira a matenda a akuluakulu. Ku America adavomereza mu 2006, fellowship yake, maphunziro a ukatswiriwo, ndi chaka chathunthu. Inu simukupanga akatswiri. Chigamulo cha msonkhano waukulu wa WHO cha 2014, WHA67.19, chidagawa maphunzirowa patatu: oyambira a wogwira ntchito ya zaumoyo aliyense, apakati a amene amakumana ndi odwala otere tsiku ndi tsiku, ndi aukatswiri. Anuwo ali pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri.

Ndiye za m'kalasi zichepe ndithu. Sindinaonepo dokotala akusintha kalembedwe ka mankhwala chifukwa wamva phunziro. Amasintha akalemba morphine yekha, wamkulu ataima pambali pake, mawa lake n'kupeza wodwala uja wakhala tsonga akucheza ndi ana ake, akupuma bwinobwino. Mupatseni aliyense odwala ake atatu kapena anayi kuyambira tsiku loyamba. Aziwalembera yekha, inu muzisaina pansi pake.

Sisitala Nambewe: Ndiwonjezerepo za kumbali ya anamwino, poti foni ya usiku ija timaimba ndife. Dokotala watsopano akabwera ndimamupatsa tchati cha dzulo m'manja, tili pa bedi pomwepo, n'kumuuza kuti awerengetse. Tinene kuti mayi akumwa 10 mg maola anayi aliwonse. Pa tsiku ndi 60 mg. Mlingo wowonjezera, ululu ukabuka nthawi isanakwane, ndi 60 kugawa ka 6, ndiye 10 mg. Dzulo anapempha wowonjezera katatu, kutanthauza kuti wamwa 90 mg yense. Lero mlingo wake ndi 90 kugawa ka 6, omwe ndi 15 mg maola anayi aliwonse, ndipo wowonjezera nayenso akwera kufika 15. Samu yosavuta, koma ambiri amaiona koyamba pa wodi. Akaichita kangapo ndi dzanja lake mantha amachepa, chifukwa waona kuti nambalayo yachokera kwa wodwala mwini wake.

Pa ululu wosatha, morphine amaperekedwa motsatira wotchi. Mukalemba kuti akapempha, wodwala amapirira mpaka ululu ufike pachimake, namwino ali pa bedi lina, makiyi a kabati ali ndi mnzake, pofika mankhwala papita ola lathunthu ndipo mlingo wochepa uja sugwiranso.

Tsono za kugona. Munthu amene ululu wamumana tulo kwa masiku ambiri, ukangoleka amagona tulo tofa nato. Aphunzitseni kupita kukamuona asanaimitse kanthu. Amuitane dzina, awerenge kupuma kwa mphindi yathunthu, ayang'ane maso, aone ngati manja ndi miyendo zikudzidzimuka zokha. Amene akudzuka akaitanidwa, akupuma ka 14 pa mphindi, amusiye agone. Ndipo chonde, dzanja lolemba morphine lilembenso senna kapena bisacodyl, mankhwala othana ndi kudzimbidwa, pa mzere wotsatira. Nseru imatha m'masiku ochepa, koma kudzimbidwa sikutha pokhapokha mutakuthana nako.

Bambo Mwale, wa ku famase: Ndikugwirizana nawo a Sisitala, koma tisawauze anawa kuti mantha awo ndi opanda pake. Pali pamene ayenera kuopa, ndipo tiwalozere bwino malo ake. Chiwindi chikamuswa morphine, zotsalira zake, morphine-6-glucuronide ndi morphine-3-glucuronide, zimatuluka kudzera mu impso. Impso zikafooka zimaunjikana. Ndiye wodwala amene wakhala bwino pa mlingo umodzi kwa mwezi, mwadzidzidzi wayamba kusokonezeka mutu, kuona zinthu zomwe kulibe, minofu kudumpha, funso loyamba likhale lakuti akukodza bwanji, akumwa madzi kodi, creatinine, woonetsa m'magazi momwe impso zikugwirira ntchito, ali pati. Amayi a khansa ya khomo la chiberekero amene chotupa chatseka njira za mkodzo ndiwo timawaona kawirikawiri chonchi. Pamenepo chepetsani mlingo, talikitsani nthawi kufika maola 6 kapena 8, ndipo kumene fentanyl, mankhwala ena amphamvu a ululu, amapezeka n'kwabwino kusinthira kumeneko.

Zina zoti zikhale pa kapepala ka m'thumba: wodwala akasiya kumeza, morphine wobaya pansi pa khungu ndi theka la wakumwa, 60 mg pa tsiku akhala 30 mg. Codeine wakumwa mugawe ka 10 kuti mupeze morphine wofanana naye. Pethidine asamulembe konse pa ululu wa khansa. Amatha mphamvu msanga, ndipo chotsalira chake, norpethidine, chikachuluka m'thupi munthu amakomoka ngati wa khunyu.

Dr. Chirwa: Pepani anzanga, ine ndikuona kuti tonse tathamangira ku morphine ngati palliative care ndi mankhwala okha. Samu ija aiphunzira m'sabata imodzi. Chimene chimawagonjetsa ndi pamene mwana wamkulu wa wodwala wawakokera pa khonde n'kunena kuti a dokotala, chonde musawauze bambo. Kapena wodwala akafunsa mwachindunji kuti kodi ndichira. Ambiri amathawira ku fayilo, ena amati tiyitanitsa sikani ina, pamene akudziwa kuti sikaniyo siisintha chilichonse. Saunders yemweyo adaphunzitsa kuti ululu wa munthu wotere uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu nthawi imodzi. Bambo amene akuda nkhawa kuti ana ake atsala ndi yani, mukhoza kukweza mlingo mpaka kutopa, adzingobuulabe.

Ndiye ndikupempha kuti musachotse zonse za m'kalasi. Musiye masana amodzi pa sabata oyeserera kukambirana. Wina akhale wodwala, wina dokotala, ena aonerere. Njira ya SPIKES ya Baile ndi anzake ya mu 2000 ndi poyambira pabwino: khalani pansi, funsani zimene akudziwa kale, funsani kuti akufuna kumva zochuluka bwanji, nenani pang'onopang'ono m'mawu osavuta, khalani chete akamalira, malizani ndi zimene tichite. Kukhala chete kuja n'kumene kumavuta kwambiri. Ndimawerengera nthawi mumtima, ambiri safika masekondi asanu asanayambe kutonthoza ndi malonjezo.

Dr. Phiri: A Chirwa akunena zoona, ndabweza theka la mawu anga. Kuyeserera kukhalepo. Koma akamaliza kuyeserera, aliyense atsogolere yekha msonkhano umodzi wa banja, inu muli m'chipindamo, mukatuluka mumuuze chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Muwauzenso za kafukufuku wa Temel wa 2010 ku Boston. Odwala khansa ya m'mapapo yofalikira amene adayamba palliative care msanga adakhala ndi moyo wabwinoko, kukhumudwa kudachepa, ndipo adakhala ndi moyo miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9 ya anzawo amene sadayambe msanga. Izi zimathandiza amene amaganiza kuti kutumiza wodwala kwa ife ndi kumutaya.

Pa funso lanu lachiwiri, a Nabanda: phunzitsani panopa, musadikire pepala. Koma inuyo mufunika maphunziro apamwamba, chifukwa mavuto ovuta adzifikira inu. Ululu wa mitsempha wosamva amitriptyline kapena gabapentin, matumbo otsekeka ndi chotupa, msana wopanikizika umene ukufuna dexamethasone 16 mg lero lomwe ndi radiotherapy mwachangu. Pali njira zosafuna kusiya ntchito. University of Cape Town ili ndi dipuloma ndi MPhil ya palliative medicine, Cardiff University imaphunzitsa patali kudzera pa intaneti, ndipo Hospice Africa Uganda, imene Anne Merriman adayambitsa mu 1993, imaphunzitsa mogwirizana ndi Makerere University. Dipuloma ya pa intaneti ikupatsani chidziwitso, koma mupezenso mpata wokakhala milungu ingapo pansi pa katswiri amene akuona odwala tsiku lililonse.

Sisitala Nambewe: Muwatengenso akaone wodwala kunyumba kwake ngakhale kamodzi. Pa wodi amalemba mankhwala asanu ndi atatu osaganiza. Akaona mwana wamkazi wa wodwala atayala mabotolo pa tebulo, akulephera kusiyanitsa wa m'mawa ndi wa usiku, sirinji yoyezera morphine manambala ake atafufutika, amabwerako akufunsa okha kuti pa mankhwalawa tichotse ati.

Dr. Nabanda: Zikomo kwambiri nonse, mwandipeputsa. Ndakonza chonchi. Tsiku loyamba aliyense alandira odwala ake ndi kapepala ka a Mwale. Sabata yoyamba ndi ya ululu, samu ya a Sisitala pa bedi m'mawa uliwonse. Yachiwiri tiona nseru, kubanika, kudzimbidwa ndi zilonda zonunkha. Yachitatu atsogolera msonkhano wa banja ndi kupita kunyumba kwa wodwala. Yomaliza ndi ya masiku otsiriza a moyo: kuzindikira kuti munthu wayandikira, kusiya mankhwala osafunika, hyoscine butylbromide pa phokoso la pakhosi, ndi kufotokozera abale zimene akuona. Kuyeserera kwa a Chirwa Lachitatu lililonse masana. Ndaikanso lamulo lakuti palibe woimitsa morphine pa foni asanamuone wodwala, ndipo akaganiza zoimitsa aziimbira ine. Chatsala chimodzi, a Mwale. Kupuma kukatsikadi, naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine, ndilembe bwanji pa kapepala? Ndaika 400 mcg mu mtsempha monga m'buku la zangozi.

Bambo Mwale, wa ku famase: Ameneyo musinthe, a Dokotala. 400 mcg nthawi imodzi ndi wa munthu amene wamwa mankhwala mopitirira ndipo moyo uli pachiswe. Kwa wodwala amene wakhala pa morphine nthawi yaitali, mlingo wotero umabweza ululu wonse kamodzi n'kamodzi, amadzuka akukuwa, akusanza, mtima ukuthamanga. Lembani kuti ngati akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi ndipo sakudzuka, asungunule 400 mcg m'madzi a saline kufika 10 ml, apereke 1 ml, omwe ndi 40 mcg, mphindi ziwiri zilizonse mpaka kupuma kukwere. Cholinga ndi kupuma, asalimbane zoti atsegule maso. Akhalenso naye pafupi, chifukwa naloxone amatha mphamvu morphine asanathe ndipo angafunike kubwereza. Nditumizireni kapepalako musanasindikize, ndione manambala onse.