Kodi kutsegulira anthu nyumba Lamlungu kumabweretsa wogula?

Ejenti wa ku Lilongwe:
Anzanga pantchito yogulitsa nyumba, ndikupempha nzeru. Ndili ndi nyumba ya zipinda zogona zinayi ku Area 47 imene yatha miyezi itatu osapeza wogula. Eni ake anakhalapo ku South Africa, ndipo akuumirira kuti Lamlungu lina titsegule geti, tiike chikwangwani kumsewu, aliyense wofuna alowe adzaone. Kodi ndivomere?

Ejenti wa ku Johannesburg:
Achimwene, kuno tsiku limeneli timalitcha show day, ndipo kawirikawiri limakhala Lamlungu masana. Ambiri amene ndawalandira pa masiku otere ndi anthu oyandikana ndi nyumbayo ofuna kudziwa mtengo, komanso ena amene angoyamba kumene kuganiza zogula. Wopindula kwambiri amakhala ejenti, chifukwa amatolera manambala a foni amene adzamuthandize pa nyumba zina. Ogula enieni amakhala ataona kale zithunzi pa Property24, webusaiti yotsatsa nyumba, n'kupangana nane nthawi yawoyawo. Ndinalekanso kulandira anthu ndili ndekha kuyambira tsiku limene wotchi inasowa kuchipinda ine ndikuonetsa banja lina khitchini.

Ejenti wa ku Blantyre:
Bambo, kwathu kuno vuto lina ndi madobadoba. Ndinayesapo ku Namiwawa, ndipo pofika Lolemba zithunzi za nyumbayo zinali pa Facebook ndi mitengo itatu yosiyana, yonse yoposa umene tinagwirizana ndi eni ake. Munthu amene anali ndi chidwi anabwerera m'mbuyo poganiza kuti pali chinyengo.

Koma ndifunse: kodi amene anaiona kale nyumba yanu ya ku Area 47 anakana chifukwa chiyani? Wogula kudzera ku banki safunsa za penti. Amafuna kuona title deed (chikalata cha umwini), zaka zimene zatsala pa lease (pangano lobwereka malowo), ndiponso umboni wakuti ground rent (lendi ya malo) ndi msonkho wa kukhonsolo zinalipidwa. Banki nayonso imatumiza valuer wake, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, ndipo mtengo wa eni nyumba ukaposa wa valuer, ngongole siikwanira ngakhale wogulayo ataikonda nyumbayo chotani.

Ejenti wa ku Lilongwe:
Mayi, mwalasa pamene pali vuto. Awiri mwa anthu asanu amene anabwera anabwerera m'mbuyo chifukwa cha mtengo, ndipo mmodzi anafunsa za ground rent ine ndilibe lisiti. Mawa ndikauza eni ake kuti tiyambe taitana valuer ndi kusonkhanitsa mapepala. Zikatheka, tidzasankha Loweruka limodzi la okhawo amene atumiziratu dzina ndi nambala, aliyense ndi ola lake, mlonda ali pageti, popanda chikwangwani kumsewu.