Ndikulakwitsa pati pokonzekera mayeso a IELTS?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndine namwino ku Lilongwe, ndipo ndalemba mayeso a Chingerezi a IELTS Academic kawiri pofuna kukagwira ntchito ku Britain, koma maulendo onse awiri ndapeza 6.0 pa gawo lolemba, pomwe bungwe la NMC, loona za anamwino ndi azamba kumeneko, limafuna 6.5. Magawo ena atatu ndinapeza 7. Ndinaloweza pamtima nkhani zachitsanzo, ndinaonera mavidiyo pa YouTube, ndiponso ndinalipira mphunzitsi miyezi iwiri, koma sizinaphule kanthu. Pa gawo lolembali, ndimatha mphindi 30 pa funso loyamba (Task 1), kotero mawu 250 a funso lachiwiri (Task 2) ndimawalemba mothamanga, nthawi n'kutha ndisanawerengenso. Kodi chikundigwetsa ndi kuloweza kapena kagawidwe ka nthawi? Inu amene munakhoza, chonde ndiuzeni mmene munkakonzekerera ndi zolakwa zimene ndiyenera kupewa.