Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mumbai, tidzakhala maola angati m'mwamba?

Akuluakulu ndi anzanga a pa gulu lino, ndikulemba ndili pa Boma ku Nkhotakota. Mwezi wamawa ndidzaperekeza bambo anga ku Mumbai, m'dziko la India, kukaonana ndi madokotala, ndipo tonse awiri sitinakwerepo ndege chibadwire. Bambowa ali ndi matenda a shuga, amabaya jakisoni m'mawa ndi madzulo, komanso miyendo yawo imatupa akakhala malo amodzi nthawi yaitali, moti ngakhale m'minibasi yopita ku Salima amayamba kuvula nsapato tisanafike n'komwe pa Benga.

Tikiti ikusonyeza kuti tidzanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi cha m'ma 3 koloko masana n'kukatera ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, cha m'ma 8 koloko usiku, kenako tidzanyamukanso cha m'ma 11 koloko n'kukafika ku Mumbai cha m'ma 7 koloko m'mawa. Ndikawerengera ndikupeza maola 13 a m'mwamba, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Kodi mtundawo ndi wautali choncho? Nanga jakisoniyo tidzatsatira wotchi ya kuti?

Yankho loyamba: Achimwene, mtima m'malo, maolawo sakwana 13. Nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya kumene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Ku Ethiopia ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, pomwe ku India ali patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,600, umene ndege imayenda maola anayi, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Mumbai ndi makilomita opitirira 3,800, maola asanu ndi theka malinga ndi tikiti yanuyo. Onse pamodzi ndi maola asanu ndi anayi ndi theka, kupatula atatu amene mudzadikire pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa.

Yankho lachiwiri: Ine ndinaperekezapo mayi anga, ndiye ndikupempheni kuti mankhwalawo musawaike m'chikwama chachikulu chimene chimakalowa pansi pa ndege, chifukwa kumeneko akhoza kuzizira mopitirira muyeso, komanso chikwamacho chikhoza kutsalira m'njira. Muwanyamule m'kachikwama ka m'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala yofotokoza za majakisoniwo. Za nthawi yobayira, tengani tikitiyo mukaonetse dokotala wawo kuti akulembereni ndondomeko. Mupemphenso mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti bambo azitha kuimirira n'kuwongola miyendo, ndiponso njinga ya odwala, pakuti pa Bole mpotalika kuyenda wapansi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera bambo mayankhowa ndipo nkhope yawo yamasuka. Kodi njingayo ndiipemphe panopa kwa amene anatigulitsa tikiti, kapena tsiku la ulendo tikafika ku Lumbadzi?