Thandizeni maganizo: kachombo kotera pa Venus tikapange bwanji kuti kapirire moto?

Moni nonse pagulu pano. Ndimaphunzitsa physics pa sekondale ina kuno ku Mzuzu, ana anga a science club akufuna kupanga model ya chombo chotera pa Venus ndiye pali pomwe tamangika. Pansi pa Venus pamatentha madigiri pafupifupi 460, pomwe mtovu umasungunuka pa 327 basi, komanso mpweya wake umapanikiza kuposa wathu kuno maulendo 90. Sitima ya m'mlengalenga ya Soviet Union yotchedwa Venera 13 inatera pa Venus mu 1982, anaikonza kuti igwire ntchito mphindi 32 koma inalimba mpaka 127, chifukwa anayamba aiziziritsa isanalowe mu mpweya wa pa Venus, zida zonse anazitsekera m'chimpira cha titanium ndipo mkatimo munali mchere wa lithium womwe umamwa kutentha ukamasungunuka. Ana akuti tingokutira ndi zinthu zochindikala basi, ine ndikuti kukutira kumangochedwetsa, motowo udzalowabe, koma ndikufuna aone okha ndi maso osati kungomva kwa ine. Tigwiritse chani chomwe tingapeze mumsika muno?

Wa ku Luwinga: Aphunzitsi pezani zitini ziwiri zofanana, china muthiremo sera ya makandulo kuzungulira thermometer china ayi, zonse muzikutire mofanana muike mu uvuni wa buledi, ana azilemba ma reading mphindi iliyonse. Cha sera chija chiima kaye pamene sera ikusungunuka kenako chiyambanso kukwera, pompo ndiye pali phunziro lonse. Moto ukhale wochepa chonde, sera imayaka.

Wophunzira pa Mzuni: Zoona achimwene koma nkhani inapita patsogolo, ku NASA Glenn, malo a kafukufuku a bungwe la zamlengalenga la ku America, anayesa ma chip a silicon carbide mu kutentha ndi mpweya ngati wa pa Venus anagwira ntchito maola 521 osaziziritsa. Ena akuganiza za galimoto yoyendera mphepo ndi magiya okhaokha ngati wotchi yopukusa. Ana adziwe kuti kubisala moto si njira yokhayo.

Mwini funso: Yewo chomene nonse. Za sera tiyesa Lachisanu. Koma za magiyazo zandigwira mtima, ana anga mawaya ndi malata amazitha kwambiri. Nanga chopanda ma chip chimatumiza bwanji uthenga kumwamba, alipo angandifotokozere ndisanakumane nawo?