Mark X yandikhalira pa yadi, aliyense akuti inasiya kupangidwa

Wa pa Biwi:
Mabwana ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ndili ndi Mark X ya 2012, GRX130, ya 2.5, yoyera, ndinailandira pa swapu kasitomala anatenga Fielder yanga nkuonjezerako kangachepe. Galimoto ilibe vuto, injini siisuta, magiya akulowa bwinobwino, COF ilipo, mwini wake wa pa blue book ndi wokonzeka kupita ku Road Traffic tsiku lililonse. Koma yakhala pa yadi mpaka matayala ayamba kuphwa okha. Aliyense wobwera nyimbo yake ndi imodzi, akuti Toyota inasiya kupanga Mark X ndiye masipeyala asowa ndiye nditsitse. Dzulo wina wabwera ndi dobadoba wake, waizungulira, wakhalamo, waliza, watsegula boneti ngakhale zikuoneka kuti sakudziwa chomwe akuyang'ana, kenako akuti ndichotse mamita atatu chifukwa akugula "galimoto yakufa". Ndiye funso langa, inu mukamaika mtengo pa galimoto yoti modelo yake inathetsedwa mumachotsa zingati? kapena simuchotsa nkomwe? Ndalama yanga yagona apa pomwe Sienta ziwiri zili pa doko la Dar es Salaam zikudikira duty. Musandiuze zoti ndingopirira chonde.

Mdala wa ku Limbe:
Osachotsa olo tambala. Toyota siigwa mtengo mwana wanga. Ameneyo amangokuyesa.

Dobadoba wa Area 2:
Kkkkk mawu amenewo oti inasiya kupangidwa timawaphunzitsa ndife makasitomala, musadabwe. Munthu akafuna galimoto timamuuza kuti ukafika usaonetse kuti waikonda, upeze ponyozera. Pa Mark X ponyozera pake ndi pamenepo ndi mafuta. Koma tanenani zoona akulu, mwa magalimoto ali pa yadi yanu ndi angati omwe akupangidwabe? Vitz ku Japan inatha 2020 inasanduka Yaris, Belta inatha kale 2012, Ractis 2016, Wish 2017, Premio ndi Allion 2021, Passo 2023. Ndiye tikamatsitsa chifukwa cha zimenezo geni yonse mtauni muno itsekedwe.

Wa pa Biwi:
Zimenezo ndikuzidziwa achimwene koma Vitz imatuluka sabata yomweyo, iyi ayi. Ndiye pali kusiyana penapake.

Makaniko wa ku Ndirande:
Kusiyana kulipo ndithu, koma sikuli pa dzina. Muziyang'ana kuti injini ya galimotoyo ili mmagalimoto ena angati omwe akuyenda mmisewu yathu. Passo ya 1.0 ili ndi 1KR, yomweyo ili mu Vitz, mu Belta, mu Boon ya Daihatsu, ndipotu Passo ndi Boon ndi galimoto imodzi yongosiyana baji. Premio ya 1.5 ili ndi 1NZ yomwe ili mu Probox, Axio, Fielder, Ractis, Sienta, koyilo ikapsa ndimatuma mwana pa kabaza nkubwera nayo ndisanamalize kumasula ina. Amenewo olo fakitale itatsekedwa lero sitingamve kanthu.

Mark X yanuyo ili ndi 4GR, V6, yomwe abale ake ndi Crown ndi Lexus IS250. Mwawaona angati pa Chipembere Highway? Zilipo koma si zambiri. Komanso ndi D-4 ija, mafuta amawazira mkati mwenimweni mwa silinda ndiye mavavu olowetsa mpweya samatsukika, amamanga kaboni, galimoto imayamba kunjenjemera pa ayidilo ndipo makaniko wa pansi pa mtengo akaiona amangoti mapulagi. Mapulagi ake ndi 6, makoyilo 6, ndipo kuti ufike bwino pa ena umayenera kuchotsa zapamwamba. Pampu ya haipulesha ndi mainjekitala ake si zogula pa benchi. Kasitomala amene wafunsako makaniko wake ndi zimenezi wauzidwa, kungoti iye sadziwa kuzifotokoza ndiye amangoti inasiya kupangidwa.

Chabwino chake giyabokosi ndi otomatiki wamba ya magiya 6 yomwe imapirira, si CVT. Muzimuuza kasitomala zimenezo.

Mdala wa ku Limbe:
Zonse mukunenazo ndi zoopsezana. Ine ndinayamba geni imeneyi nthawi ya Cressida ndi Mark II. Mark II inatha 2004 anthu ananena zomwezi, ndiye Mark X yo inabwera mmalo mwake. Kodi Mark II sizinagulitsidwe? Toyota siigwa mtengo.

Mayi wa masipeyala, Malangalanga:
Bambo a ku Limbe ndi ulemu wonse, ine ndili pa kauntala tsiku lonse ndiye ndikuuzeni zomwe ndimaona. Za injini ndi za pansi sizivuta kwenikweni, mafyuluta, mapadi, mabushi, mashoko, zimenezo mafakitale ena amapangabe malinga anthu akugula. Chomwe chimapha galimoto yothetsedwa ndi bodi. Nyali yakutsogolo, bampala, gilili, galasi la mmbali, windisikilini, nyali zakumbuyo. Ndipo pa GRX130 chenjerani, 2012 ndi chaka chomwe anasintha nkhope, ndiye pali ya 2012 ya nkhope yakale ndi ya nkhope yatsopano, nyali sizilowana. Ndinali ndi kasitomala wina anagundidwa ndi minibasi pa mphambano, kungophwanya nyali imodzi ndi kona ya bampala basi. Ya Vitz ndikanamupatsa pompo. Iyi tinachita kufunsa kwa anyamata a Dar, anatumiza ya nkhope ina, kubweza, kudikiranso, galimoto ili pa galaja fumbi lokhalokha mwini wake akukwera kabaza. Atailandira anaigulitsa mwezi womwewo motchipa chifukwa chotopa. Nkhani ngati imeneyo imayenda mtauni, ndi imene ikukutsitsirani mtengo.

Ndiye musanatchule mtengo yang'anani nyali zonse ngati zili zoona komanso zosang'aluka, dashibodi ngati siinayambe kunyata ndi dzuwa, zimenezo mu GRX120, Mark X yakale ija, zinkavuta kwambiri. Ngati zonse zili bwino muziwaonetsa dala.

Wa pa Biwi:
Mayi, yanga ndi ya nkhope yatsopano, nyali zonse zoona. Dashi ili bwino ndimaiphimba ndi katoni.

Wa ku Joni:
Moni nonse kumudzi. Ine ndikuona ngati mukusakaniza zinthu ziwiri. Modelo kutha ndi zina, kampani kuchoka ndi zina. Kuno GM, kampani yopanga Chevrolet, itachoka kumapeto kwa 2017 ma Chevrolet anthu anayamba kuwaopa, Spark, Cruze, Utility, ogula amafunsa kuti ndikaikonzetsa kuti. Datsun nayo dzina lonse linathetsedwa 2022. Pamenepo ndiye mtengo umagwadi chifukwa munthu akuona kuti chikwangwani chachotsedwa pa shoolumu. Koma taonani NP200, Nissan inasiya kupanga ku Rosslyn mu Malichi 2024 ndipo panalibe kabaki kena ka hafu tani kolowa mmalo mwake, mapulambala ndi anthu a magadeni akuisakabe mpaka pano, yabwino siikhalitsa. Ndiye kutha kwa modelo nthawi zina kumakweza. Funso nloti anthu omwe amaifuna galimotoyo ali ndi kwina kothawira kapena ayi. Wofuna Mark X akhoza kuthawira ku Camry, ku Crown, olo ku Benz yakale ngati akufuna kutchena. Wofuna Sienta ya takisi sathawira kulikonse.

Ine mlamu wanga anatenga Cruze kupita nayo ku Mzimba ndinamuletsa osamva, pano ikhala nkhuku zikuikiramo.

Dobadoba wa Area 2:
Kkkkkk a ku Joni mlamu wanuyo mundipatse, ndili ndi munthu amagula zoterozo za sikilapu

Mdala wa ku Limbe:
Mwaona, mwanena nokha. Chevrolet. Datsun. Ine ndikunena Toyota. Toyota ilipo pa Blantyre, ilipo pa Lilongwe, siinapite kulikonse. Mnyamata asatsitse.

Makaniko wa ku Ndirande:
Madala palibe akukana kuti Toyota ilipo. Koma Mark X inali ya msika wa ku Japan, kuno inabwera ndi ife tomwe kudzera pa intaneti. Munthu wogula Mark X ya zaka zoposa khumi sapita ku shoolumu kukagula bampala yatsopano, amapita kwa mayiwa.

Kiliyala wa pa Songwe:
Ndilowererepo pa mbali ya mapepala. Akulu a pa Biwi mtengo wa galimoto yoti ili kale mdziko muno musamauyambire pa maganizo a kasitomala, muziuyambira pa funso loti lero kuitanitsa inzake yofanana nayo mpaka ifike pa yadi ndi zingati. Lowani pa mawebusaiti ogulitsa magalimoto a ku Japan, Be Forward kapena SBT, pezani ya chaka chomwecho ndi mailosi oyandikira, tengani CIF Dar (mtengo wa galimoto pamodzi ndi inshuwalansi ndi sitima mpaka pa Dar), muike dola pa mtengo womwe mukuipezeradi osati wa pa bolodi ya banki, muonjezere za pa doko, dalaivala, mafuta, duty, kulembetsa. Duty imayendera cc ndi zaka, ndiye 2500cc ya 2012 MRA siimwetulira, nchifukwa chake anthu ambiri anasiya kuitanitsa zazikuluzikuluzi. Nambala imene mupeze ndi denga lanu. Kuchoka pamenepo mutsike chifukwa yanuyo yayendapo kale mmisewu yathu komanso nambala puleti ndi yakale.

Ndipo zoti masipeyala atha mawa si zoona. Yomaliza inatuluka mu Disembala 2019. Ku Japan galimoto ikapitirira zaka 13 msonkho umakwera ndiye eni ake amazitaya, zina zimabwera zathunthu zina zimadulidwa nkukhala ma half cut opita ku Dubai ndi ku Dar. Werengani nokha, za 2019 zidzafika zaka zimenezo mu 2032. Apo mpamene mungayambe kudandaula.

Koma chenjezo, musamawerengere phindu mu kwacha yokha. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44% mu Novembala 2023, ndiye anthu ambiri amaona ngati galimoto yawo yakwera mtengo pomwe ndalama yomwe alandira singaitanitse inzake. Madala a ku Limbe "siigwa mtengo" yanuyo mbali ina ndi imeneyi.

Mdala wa ku Limbe:
Kaya dola kaya kwacha ine sindinagulitsepo Toyota moluza.

Wa pa Biwi:
A kiliyala ndawerengera mwachangu, mtengo wanga uli kale pansi pa denga limenelo ndithu. Ndiye vuto si mtengo?? Nanga bwanji sikutuluka

Dobadoba wa Area 2:
Chifukwa mukuitsatsa kwa anthu olakwika bwana. Pa yadi yanu amabwera ndi anthu ofuna ka 1.0 kopitira kuntchito ndi a takisi. Munthu amene wagonapo pa mzere wa mafuta pa filing'i siteshoni ukamuuza V6 amaseka. Komanso ndi yotsika, kumakwalala kwathu kuno nthawi ya mvula imakhula pansi, wokhala ku Area 25 mkati kapena ku Area 36 saiyang'ana kawiri. Ogula Mark X ndi ochepa koma alipo, anyamata a mabanki, a mabungwe, ena obwera kutchuthi kuchoka kunja, ndipo amenewo sakufunsani zoti inatha liti, amafunsa malimu ndi saundi. Ijambuleni bwino madzulo itatsukidwa, osati pa fumbi la pa Biwi pali ma injini akutha kumbuyo. Mundipatse ine sabata ziwiri koma yanga ija mukuidziwa.

Mayi wa masipeyala, Malangalanga:
Koma musapereke makiyi kwa dobadoba aliyense kuti akaonetse kasitomala, pepani achimwene a Area 2 sindikunena inu. Galimoto imabwerako itasinthidwa makoyilo ndi batile, mwini wake osadziwa mpaka mmawa ikakana kulira. Pa 4GR makoyilo 6 amenewo ndi ndalama. Lembani kachizindikiro ndi penti pa chilichonse chomasuka.

Makaniko wa ku Ndirande:
Zoona mayi. Komanso galimoto yokhalitsa pa yadi muziiliza ndi kuiyendetsako, mabuleki amagwira dzimbiri, batile imafa, petulo wokhalitsa mu D-4 si wabwino. Kasitomala akabwera nkuipeza ikulira mokakamiza ndiye mwamupatsa nokha chodulira mtengo. Ndipo musalole za kulipira pang'onopang'ono pa galimoto ngati imeneyi. Wina kuno anapereka Crown mwa njira imeneyo, munthu analipira theka, anaiyendetsa osathira oyilo woyenera, itayamba kugogoda anaibweza yekha usiku nkuisiya pa geti akuti mundibwezere zanga munandigulitsa yakufa. Nkhani inakafika ku polisi, blue book ili dzina lina, galimoto ili dzina lina, mpaka lero sindikudziwa kuti inathera pati chifukwa injini yake ili pakona mu galaja mwanga muno palibe akubwera kudzaitenga.

Wa ku Joni:
Injini imeneyo ndi 4GR kapena 3GR? Ndili ndi munthu ku Mzuzu akufuna hedi

Makaniko wa ku Ndirande:
4GR koma si yanga sindingagulitse. Ndiimbireni tikambe za ina.

Kiliyala wa pa Songwe:
A pa Biwi komanso Sienta zanuzo musazisiye pa Dar nthawi yaitali, sitoleji ikayamba kuwerenga mudzapeza kuti mamita atatu mukukanawo mwawapereka ku doko. Nthawi zina kutsitsa pang'ono nkumasula ndalama kumaposa kudikira mtengo wabwino, werengani mbali zonse. Ndi za chaka chanji, ndi za haibulidi?

Mdala wa ku Limbe:
Asatsitse. Sienta akongole kwina. Mark X imeneyo pofika Disembala anthu adzailimbirana.

Dobadoba wa Area 2:
Madala ndiye igulenitu inuyo poti siigwa mtengo kkkk

Mdala wa ku Limbe:
Ine ndili nazo kale ziwiri pa yadi.

Wa ku Joni:
Paja Axio ndi Fielder nazonso Toyota inalengeza kuti zitha mu Okutobala 2025, amene muli nazo mukuona bwanji kumeneko, zayamba kukwera? Ndikufuna nditumize imodzi kwa akazi anga koma ndikuopa CVT, a Ndirande mafuta ake enieni akupezeka ku Blantyre kapena ndigule konkuno?